YANG'ANANI MATAYALA MUSANAKWEZE KATUNDU

Wolemba: Mlangizi wa Malimidwe, Chiwamba

Mlimi wa fodya amayamba nchito yace pa nazale mwezi wa Seputembala, ndipo sapuma kufikira atamanga mabelo mu Epulo kapena Meyi. Koma ulendo wocoka pakhomo kunka ku okushoni ku Kanengo ngwa maora owerengeka cabe, ndipo pa maora amenewo thukuta la caka conse limasenzedwa ndi matayala a galimoto ya munthu wina. Kuno ku Chiwamba, ndiponso kwa anzathu a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, alimi amatha kukangana ndi mwini lole za mtengo wonyamulira belo limodzi kufikira dzuwa litapendeka. Za mtengo amazidziwa ndithu. Koma si kawirikawiri kuona mmodzi wa iwo atawerama kuti aone matayala amene adzanyamule fodyayo, ngakhale kuti iye mwini, kapena mwana wace, adzakhala pamwamba pa mabelo omwewo.

CIMENE CIMAPHULITSA TAYALA

Anthu ambiri amayesa kuti tayala limaphulika cifukwa ca msomali kapena minga. Msomali umaboola ndithu, koma kawirikawiri mpweya umaturuka pang'onopang'ono, makamaka pa matayala opanda cubu. Mdani weniweni ndiye kutentha. Mwana ali yense amene anapangapo galimoto ya mawaya amadziwa kuti ukapinda waya uku ndi uku kambirimbiri, wayayo amatentha zala, kenaka amaduka. Tayala liri cimodzimodzi, pakuti m'kati mwa mphira muli ulusi wolimba ndi mawaya a citsulo. Likakhala ndi mpweya wocepa, kapena likasenza katundu woposa mphamvu yace, limaphwathalala pansi, ndipo m'mbali mwace mumapindika ndi kuongoka nthawi iri yonse pamene lizungulira. Galimoto ikamathamanga makilomita 80 pa ora, tayala la pikapu limazungulira koposa ka 600 pa mphindi imodzi. Kutenthako kumalekanitsa mphira ndi mawaya, ndipo mwadzidzidzi mumangomva kuti phuu!

Miseu yathu imathandizana pa nchito yoononga imeneyi. Miseu ya fumbi ya m'midzi, ya miyala ndi maenje, ndiyo imabvulaza tayala, koma popeza galimoto imayenda pang'onopang'ono, balalo siliwonekera. Galimoto ikangokwera pa phula, monga pa mseu wa ku Mchinji wodzera pa Namitete ndi Mpingu, dalaivala amaponda moto kuti abweze nthawi imene inatayika m'mabampu, ndipo pamenepo ndi pamene bala lija limatseguka. Mukaona cotupa m'mbali mwa tayala ngati cithupsya, dziwani kuti ulusi wa m'kati unaduka kale pamene linagunda dzenje. Palibe cigamba cimene cingaciritse cotupa cotere.

Miyezi yoopsya koposa ndiyo Okutobala ndi Novembala, pamene phula limatentha mwakuti simungaponde wopanda nsapato, ndipo ndi nthawi yomweyo imene tonse timathamangira kukatenga fetereza.

Za kulemera kwa katundu tiyeni tiwerengere pamodzi. Pa tayala liri lonse panalembedwa nambala yonena za mphamvu yace. Matayala ambiri a mapikapu ndi maminibasi ali ndi malemba akuti 195R14C 106/104. Nambala ya 106 itanthauza kuti tayala limodzi lingasenze makilogalamu 950, ndiye kuti awiri a kumbuyo angasenze 1,900, kuphatikizapo kulemera kwa galimoto yeniyeniyo. Pikapu ya tani imodzi inapangidwa kuti inyamule matumba 20 a makilogalamu 50. Mukakwezamo matumba 35, ndiye makilogalamu 1,750, ndipo eni matumbawo sanakwere. Lole ya matani atatu malire ace ndi matumba 60, kapena mabelo pafupifupi 30. Mwini galimoto akamati "imatha iyi, dzana inanyamula oposa apa," akunena zoona, koma ulendo wa dzanawo unasiya bala lace m'kati mwa mphira.

MATAYALA A KAUNJIKA

Tayala limakalamba ngakhale lisanathe. Mphira umauma ndi kung'aluka monga nthaka ya kudambo m'cilimwe. Tsono mungathe kudziwa zaka zace nokha. Funani m'mbali mwace malemba oyamba ndi DOT, ndipo kumapeto kwace mudzapeza manambala anai. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi caka. Mukapeza 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'caka ca 2019. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo linapangidwa caka ca 2000 cisanafike, ndipo malo ace ndi pomwera nkhuku. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likatha zaka 5 liziyang'anidwa ndi mmisiri caka ndi caka, ndipo likafika zaka 10 licotsedwe ngakhale lioneke labwino.

Matayala ambiri a kaunjika anatayidwa kwao cifukwa ca ukalamba womwewu. Ena ali ndi cithunzi ca phiri la nsonga zitatu cokhala ndi kaduwa ka cipale pakati. Amenewo anapangidwira miseu yozizira ya ku Japan ndi ku Ulaya, mphira wace ngwofewa, ndipo pa phula lathu la mu Okutobala amatha msanga. Palinso amalonda ena amene amasema mizere yatsopano pa tayala lakutha ndi mpeni wamoto, nalipaka polishi kuti liwale. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Matayala ena a malole akuluakulu anapangidwa kuti angathe kusemedwanso, ndipo amalembedwa comweco m'mbali, koma la pikapu kapena la minibasi mukalisema ndiye kuti mwafika pa waya. M'kati mwa mizere ya tayala muli timizere tina topingasa, totalika mamilimita 1.6, ndiye kocepera pa kunenepa kwa kamtengo ka macesi. Mphira ukaperesedwa kufikira kulingana ndi timizere timeneti, tayalalo latha.

ZIPANGIZO ZA KU MAIKO ENA

Ena a inu munaonapo magalimoto a alendo okhala ndi kanyumba pamsana, muli bedi ndi mophikira, akudutsa kunka ku Zambia kapena kutsikira ku nyanja ku Salima. Dzina lace pa Cingerezi ndi motorhome. Magalimoto amenewa amafanana ndi malole athu a fodya pa zinthu zitatu: ngolemera, ngatali msinkhu kotero kuti sacedwa kugubuduka, ndipo amaima miyezi yambiri osayenda, matayala ace nakalamba pa dzuwa. Cifukwa cace eni ace amaopa kwambiri kuphulika kwa tayala, ndipo amagula zipangizo zodzitetezera.

Coyamba ndi tizitsekero timene amamanga pa valavu ya tayala liri lonse. Timayeza mpweya ndi kutentha, ndi kutumiza manambala ku kagalasi kamene kali pamaso pa dalaivala, ndipo mpweya ukayamba kutsika kamalira. Mbiri yace njomvetsa cisoni. Ku America matayala ena a Firestone anali kusendeka mphira pa magalimoto a Ford Explorer, anthu oposa 200 anafa, ndipo m'caka ca 2000 kampaniyo inaitanitsa matayala 6.5 miliyoni kuti abwezedwe. Boma la kumeneko linaika lamulo, ndipo kuyambira mu Seputembala 2007 galimoto yaing'ono iri yonse yatsopano inayenera kukhala ndi cipangizo cocenjeza za mpweya. Maiko a ku Ulaya anatsatira mu Novembala 2014.

Caciwiri ndi lamba wa citsulo, monga wa kampani ya Tyron ya ku Britain. Pakati pa limu pali ngalande imene mmisiri amalowetsamo mlomo wa tayala polibveka. Tayala likaphulika, mlomo uja umagweranso m'ngalandemo, tayala limabvuka, ndipo citsulo ca limu cimakumba mseu ndi kukokera galimoto kumbali. Lambayo amatseka ngalandeyo, kotero kuti tayala lophwalo limakhalabe pa limu kufikira dalaivala ataimika galimoto. Palinso masipuling'i amene ena ku America amamanga ku zitsulo za ciongolero kuti cisawapulumuke m'manja tayala la kutsogolo likaphulika.

Mwa zitatuzi ine ndiona kuti coyamba ndico ca nzeru koposa, popeza cimacenjeza ngozi isanagwe, pamene zinazo zimangocepetsa tsoka litafika kale. Ndiponso lamba uja sangalowe pa malimu a malole akale a cubu, okhala ndi mkombero wokhoma, amene ngambiri kuno. Ndipo palibe cimodzi mwa izo cimene cingakane thumba la 35.

ZIMENE KALABU INGACITE

Nchito ya tizitsekero tija ingathe kugwiridwa ndi geji ya m'manja, imene imagulitsidwa m'masitolo a zipangizo za galimoto ku Lilongwe, ndipo mtengo wace ngwocepa poyerekeza ndi belo limodzi. Ndikupempha makalabu kuti agule imodzi, isungidwe ndi mlembi, ndipo anthu awiri asankhidwe oyang'ana galimoto iri yonse isanayambe kukwezedwa. Yezani m'mawa matayala akali ozizira. Mlingo woyenera unalembedwa pa kapepala komata pa khomo la dalaivala, ndipo kawirikawiri pali manambala awiri, ya galimoto yopanda katundu ndi ya yodzaza. Kumenya tayala ndi phazi sikuyeza kanthu.

Pa lole ya matayala awiriawiri kumbuyo, la m'kati likhoza kuphwa osaoneka, ndipo la kunja limasenza lokha katundu wa awiri kufikira nalonso litaphulika. Gogodani onse ndi sipanala: lokhuta limayankha molimba, lophwa limangoti phwa. Cotsani miyala imene yakanirira pakati pa awiriwo. Kutsogolo kusakhale tayala losemedwa kapena la cigamba m'mbali. Onaninso sipeya, jeke ndi sipanala. Mukayenda pa phula kanthawi, pemphani kuti aimike, ndipo gwirani matayala onse ndi dzanja. Limene latentha kuposa anzace liri ndi bvuto. Koma musacotse mpweya m'tayala lotentha, monga acitira ena poyesa kuti alikulipumitsa, pakuti likazizira lidzakhala losakhuta, ndipo lidzatentha koposa kale.

Ndidziwa kuti nkobvuta kuuza mwini galimoto, amene mwina ndi mkulu wolemekezeka pa mudzi, kuti tayala lace nlakutha. Magalimoto amasowanso pa nyengo ya msika, ndipo munthu amaopa kuti akakana iyi adzadikira sabata ina. Koma mbewa ya manyazi inafera ku una. Ndinu amene mukulipira, tsono nenani mwaulemu kuti, "Pepani bambo, tayamba tasintha tayala ili, ndipo tikweze." Pepala la COF limene lamatidwa pa galasi limanena za tsiku limene galimoto inayesedwa, ndipo matayala amene anayesedwa tsiku limenelo mwina si amene mukuwaonawo.

LIKAPHULIKA MULI PA ULENDO

Mau awa muwawerengere ana anu amene amayendetsa magalimoto. Tayala la kutsogolo likaphulika, galimoto imakokera ku mbali ya tayalalo. La kumbuyo likaphulika, imagwedeza thako uku ndi uku. Phazi limafuna kuthamangira pa buleki, ndipo kumeneko ndiko kumagubuduza magalimoto ambiri, cifukwa buleki amaponyera kulemera konse pa tayala lophwalo. Gwirani ciongolero ndi manja onse awiri, lunjikani kutsogolo, musacotse phazi pa moto mwadzidzidzi koma pang'onopang'ono, ndipo lekani galimoto ifooke yokha. Ikatsala pang'ono kuima, ndipo pondani buleki mofatsa ndi kupatukira pambali.

Inu okwera, musalumphe, ndipo musagwire dzanja la dalaivala. Amene amapwetekeka koposa ndi okhala pamwamba pa mabelo, pakuti alibe pogwira. Kalabu itumize munthu mmodzi kapena awiri okhala kutsogolo, otsalawo atsatire pa minibasi. Galimoto ikaima, tsikani nonse ndi kuima kutali ndi mseu, ikani zizindikiro kutsogolo ndi kumbuyo, tsekerani matayala ndi miyala, ndipo munthu asalowe pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeke. Ngati munaika nthambi pa mseu, muzicotse ponyamuka.

Mau otsiriza ndi a eni ngolo. Ngolo siithamanga, comweco tayala lace likaphwa m'njira mumangotaya nthawi. Ngozi yace iri popopa, popeza ngolo zambiri zimayendera matayala okalamba otsala ku magalimoto. Popopa imani cammbali, osaweramira pa tayala, ndipo ana akhale kutali. Limu la mkombero wokhoma nloopsya koposa, cifukwa mkomberowo ukapanda kukhala bwino umafwamphuka ndi mphamvu yotha kupha munthu. Limu likang'aluka, owocherera asaliyandikize moto tayala likali pomwepo, ngakhale mutacotsa mpweya. Ayambe alibvula. Ndipo ngolo ikamaliza kututa, iimikeni pa mthunzi kapena m'cigafa, mutaikhazika pa zipika kuti matayala asagunde pansi kufikira nthawi yotuta manyowa.