Za Singano Imene Ibaya Anamwino Athu

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za kanthu kakang'ono ndithu, kamene munthu angathe kukabisa pakati pa zala ziwiri, koma kamene kadasowetsa mtendere banja lina la kuno ku Chitala kwa miyezi 6 yathunthu. Kanthuko ndi singano ya jakisoni.

Mayi wina wa mumpingo mwathu, amene sitimutchula dzina, agwira ntchito ya unamwino pa chipatala china cha m'boma lino la Salima. Tsiku lina m'dzinja, pamene malungo achuluka ndipo odwala ena agona pansi posowa mabedi, adalandira bambo wachikulire wotupa mimba, maso ali achikasu. Pamene mayiyo adali kutenga magazi pamkono pa wodwalayo, mbale wake amene adamgwira adacheukira kwina, wodwala nadzidzimuka, ndipo singano idatuluka mumtsempha niboola golovesi, nilowa m'chala chachikulu cha namwino. Kabala kake sikadaposa ka munga wa mtete. Koma magazi a bambo uja atayezedwa, kudapezeka kuti muli kachirombo ka nthenda ya chiwindi yotchedwa hepatitis C. Mbiri itafika kumudzi, apongozi ake adalamula kuti mayiyo apatulidwe mbale ndi chikho, ndi kuti aleke ntchito. Pamenepo ndi pamene ife tidaitanidwa kukaweruza, ndipo tivomera kuti tsiku limenelo tidasowa chonena. Kotero tidayamba kufunsa kwa odziwa ndi kuwerenga, ndipo zimene tidapeza ndi izi.

Aliyense amene adatumbulapo mbuzi kapena nkhuku adziwa chiwindi. Mwa munthu chiwindi ndicho chisefa magazi, chisunga mphamvu ya chakudya, ndiponso chipanga ndulu. Tizirombo timene tichidwalitsa tilipo tamitundumitundu, ndipo asing'anga a kuchipatala adatitcha ndi malembo. Ka A kalowa ndi madzi kapena chakudya chauve, ndipo kawirikawiri munthu achira yekha. Ka B ndi ka C tiyenda m'magazi. Ka C kadabisala nthawi yaitali. M'zaka za m'ma 1970 dokotala Harvey Alter wa ku America adaona kuti odwala ena opatsidwa magazi adali kudwala chiwindi, chonsecho mwa iwo munalibe A kapena B. M'chaka cha 1989 Michael Houghton pamodzi ndi anzake Qui-Lim Choo ndi George Kuo adakapeza kachiromboko, ndipo pambuyo pake Charles Rice adatsimikiza kuti iko kokha kakwanira kudwalitsa chiwindi. Alter, Houghton ndi Rice adalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2020.

Kuipa kwa nthendayi ndiko kukhala chete kwake. Ambiri amene aitenga samva kanthu; alima, apalasa bwato, abala ana monga mwa masiku onse. Mwa anthu 100 oitenga, ngati 30 thupi lawo likagonjetsa lokha kachiromboko isanathe miyezi 6. Mwa otsalawo kakhazikika, nikadya chiwindi pang'onopang'ono monga chiswe chidya mzati wa nyumba kunja kuli kosalala. Mwa anthu 100 amene kakhazikika mwa iwo, 15 kufikira 30 chiwindi chawo chiuma ndi kuchita zipsera zisanapite zaka 20, ndipo ena adwala khansa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lidawerenga kuti m'chaka cha 2022 anthu ngati 50 miliyoni adali nako kachiromboka, ndi kuti anthu 242,000 adafa nako chaka chomwecho.

Tsono funso la apongozi aja lidali lakuti: kodi wobayidwa ndi singano yotere watenga nthenda basi? Iyayi. Mabuku akale a asing'anga adati mwa anthu 100 obayidwa ndi singano yochokera mwa wodwala hepatitis C, ngati 2 ndiwo aitenga. M'chaka cha 2020 bungwe la CDC la ku America, litaonanso bwino, lidati chiwerengero n'chocheperapo ndithu, ngati 2 mwa anthu 1,000. Tiyerekeze ndi nthenda zinzake. HIV, imene anthu aiopa koposa, ilowa mwa 3 pa anthu 1,000 obayidwa. Koma hepatitis B, imene sitiitchula kawirikawiri, ilowa mwa 6 kufikira 30 pa anthu 100 osalandira katemera. Choopsa chikula ngati singano ili yamphako ndipo yangotuluka kumene mumtsempha, kapena ngati yalowa mozama. Munthu mmodzi angathe kulimba mtima ndi ziwerengerozi. Koma antchito a zipatala ndi ochuluka, ndipo singano agwira tsiku ndi tsiku. A WHO adawerenga kuti m'chaka cha 2000 chokha, pa dziko lonse, antchito a zaumoyo 16,000 adatenga hepatitis C, ena 66,000 hepatitis B, ndi ena 1,000 HIV, onsewa chifukwa cha kubayidwa kapena kuchekedwa pantchito. M'gulu limeneli musaganize za madokotala okha; alimo azamba, oyeza magazi, ophunzira unamwino, ndi amayi aja osesa ndi ochapa nsalu, amene apeza singano pamene mnzawo adaiiwala.

Nanga ngati choopsa cha C chili chochepa chotere, tivutikiranji kulemba? Chifukwa chake n'chakuti pa nthenda zitatuzi, iyi yokha ndiyo ilibe chishango. Wobayidwa ndi singano ya HIV apatsidwa mankhwala oteteza, amene ayenera kuyamba asanathe maola 72 ndi kumwa masiku 28. Hepatitis B ili ndi katemera. Dziko la Malawi lidayamba kuupereka kwa makanda m'chaka cha 2002, ndiye kuti antchito obadwa chisanafike chakacho sadaulandire paubwana, ndipo ayenera kuufunsa pantchito pawo. Koma hepatitis C ilibe katemera, ndiponso palibe mankhwala akumwa pa tsiku lobayidwa kuti aitsekereze. Chotsala ndicho kuyezetsa ndi kudikira, ndipo kudikirako ndiko kudalemera pa banja lija.

Mayi wathuyo adachita bwino pa ola loyamba, ndipo tifuna kuti ana athu onse a m'zipatala amve. Adasambitsa chala ndi madzi ambiri ndi sopo, osafinya bala, osaliyamwa, osathirapo mankhwala otsukira pansi. Kenaka adakanena kwa mkulu wake nthawi yomweyo. Apa ndi pamene ambiri aphonya, pakuti wophunzira aopa kuti amutcha wosasamala, ndipo wosesa aopa kuchotsedwa ntchito, nangokulunga chala n'kansalu, nakhala chete. Makolo adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Wonena msanga ayezedwa magazi m'masiku 2 oyamba, kuti kudziwike m'mene adalili asanabayidwe, ndipo wodwala uja nayenso ayezedwa. Pakapita masabata 3 kufikira 6 afufuza kachirombo kenikeniko m'magazi, ndipo pakapita miyezi 4 kufikira 6 ayeza komaliza.

Ndipo ngakhale kachiromboko katapezeka, si imfa ayi. Kale mankhwala ake adali jakisoni wa miyezi yambiri, wofooketsa thupi, wochiza ena nalephera ena. Koma kuyambira m'chaka cha 2013, pamene adavomereza mankhwala otchedwa sofosbuvir, kudabwera mapiritsi akumwa kamodzi patsiku kwa masabata ngati 12, amene achiza anthu oposa 95 mwa 100. Taonani kusiyana kwake: HIV ndi hepatitis B munthu azigonetsa chabe ndi mankhwala, koma hepatitis C itha m'thupi ndithu. Wobisa bala lake ndiye adzimana yekha machiritso amenewa.

Ife a kunyanja tili ndi chifukwa china chomvera nkhaniyi, pakuti likodzo tilidziwa. Anthu a ku Egypt, okhala m'mbali mwa mtsinje wa Nile, adavutika nalo likodzo monga ife. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kufikira m'ma 1980 boma lawo lidayenda m'midzi kubaya anthu miyandamiyanda mankhwala otchedwa tartar emetic, ndi majakisoni agalasi amene sadali kuwiritsidwa mokwanira pochoka pa munthu wina kunka pa wina. Cholinga chidali chabwino, koma singanozo zidafesa hepatitis C, kotero kuti Egypt lidasanduka limodzi mwa maiko okhala ndi nthendayi koposa onse. Pambuyo pake, m'zaka za 2018 ndi 2019, adayeza anthu pafupifupi 50 miliyoni kapena kuposapo nachiza opezeka nayo, ndipo m'chaka cha 2023 a WHO adaliyamika dzikolo kuti latsogola pa njira yothetsa nthendayi. Lero likodzo lichizidwa ndi mapiritsi a praziquantel, omwe aja ana athu alandira kusukulu. Kwathu kuno hepatitis C si yochuluka. Ofufuza a ku Blantyre adalemba m'chaka cha 2022 kuti opezeka nako kachiromboka sadakwane ngakhale mmodzi pa anthu 100, ndi kuti zizindikiro zionetsa kuti kadafala makamaka m'zaka zakale. Magazi operekedwa ndi bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2003, ayamba ayezedwa nthendayi asanafike kwa wodwala.

Tsono tibwere kwa ife eni, amene sitivala yunifolomu. Lamulo lachisanu la Mulungu sililetsa mkondo ndi chibonga zokha. Litiuzanso kusamala moyo wa mnzathu, ndipo namwino ndi mnzathu. Mukaperekeza wodwala, makamaka mwana, ndipo akupemphani kuti mumgwire, gwirani ndi manja onse ndi maso omwe kufikira singano italowa m'bokosi lake. Nkhani ndi anzanu a pabenchi idikire. Ngati mudziwa kuti muli ndi nthenda ya m'magazi, nenani kwa wokuthandizani, pakuti iye asunga chinsinsi. Ndipo pali chizolowezi china chimene tiyenera kuchidzudzula poyera, ngakhale ife tomwe tidali nacho: kuyesa kuti wobwera kuchipatala osabayidwa sadathandizidwe. Tamva akulu olemekezeka akung'ung'udza panjira kuti angowapatsa mapiritsi. Jakisoni wosafunika ndi singano ina yowonjezera m'dzanja la munthu wotopa. Choipa koposa ndicho kupita kwa obaya a m'midzi, osaphunzira, amene asunga singano imodzi m'kachitini. Chimodzimodzi lumo limodzi lotemera mphini anthu ambiri, pakuti kachirombo ka C kakhala ndi moyo masabata angapo m'magazi otsalira pachitsulo. Ana akatola jakisoni kudzala kuti azipoperana madzi, alandeni mosamala ndi kukapereka kuchipatala.

Kwa ana athu a m'zipatala tingokumbutsa chimene aphunzitsi awo adawauza kale: singano ikagwira ntchito isavekedwenso chivindikiro chake ndi manja awiri, ipite m'bokosi pomwepo, ndipo bokosi lisadikire kusefukira.

Za mbale ndi chikho zija, yankho n'lachidule. Hepatitis C siyenda ndi nsima, kapena madzi akumwa, kapena udzudzu, kapena chanza cha mtendere pa Misa. Mayi angathe kuyamwitsa mwana wake, pokhapokha ngati mawere ali ndi zilonda zotuluka magazi. Chopatula ndi lumo, mswachi ndi chowengera zikhadabo, zimene ngakhale m'nyumba ya anthu amoyo siziyenera kubwerekanidwa. Tidanena mawu amenewa pabwalo la banja lija, ndipo apongozi, atakhala chete nthawi, adafunsa ngati ifeyo tingadye nsima yophika mkamwana wawo wamkaziyo. Tidasamba m'manja nitidya, ndiwo zake zidali usipa.

Eklezia adapatsa anamwino nkhoswe yawo, Camillus de Lellis Woyera, msilikali wa ku Italy amene adasanduka mtumiki wa odwala ali ndi chilonda chosapola pamwendo pake. Adamwalira pa 14 July 1614, ndipo Papa Pius XI adamuika kukhala nkhoswe ya anamwino m'chaka cha 1930. Mayi wathu uja adampempha masiku onse a kudikira kwake, koma sadaphonye ngakhale tsiku limodzi la kuyezetsa, ngakhale kuti ulendo wina udamtengera ku Lilongwe ndi ndalama zogulitsa mtedza wake. Pa mwezi wa 6 magazi ake adapezeka oyera. Akali pantchito yomweyo, ndipo atiuza kuti masiku ano sayamba kubaya wodwala asanaone kuti womgwira wayang'ana kumene kuli singano.