Phulusa limasunga umboni wa moto

Usiku wa pa 8 Okutobala 2024 moto unapsereza msika wa Mbare Musika ku Harare. Ku Glen View Area 8 mumzinda womwewo, komwe akalipentala amakhoma mipando ndi mabedi, moto wabuka kangapo konse. Kukacha, funso limakhala lomwelo: ndi ngozi, kapena wina wachita kuthira petulo?

Petulo kapena palafini akathiridwa pansi sapsa yense. Wina amalowerera m'dothi, m'ming'alu ya simenti, m'matabwa ndi m'nsanza, momwe malawi safika. Akatswiri ofufuza amatapa zotsalirazi pomwe moto wayambira, n'kuzitsekera m'zitini zatsopano zosalowa mpweya.

Ku labotale amapachika kachidutswa ka makala apadera m'chitinimo, n'kuchifunditsa pa madigiri 60 mpaka 80 kwa maola ambiri. Nthunzi ya mafuta imakwera n'kukakamira kumakalako. Kenako amatsukuluza makalawo ndi mankhwala, zotsukuluzazo n'kuzilowetsa m'makina a GC-MS. Makinawa amalekanitsa zosakanikirana ngati mayi wopeta, mphale pakepake, gaga pakepake. Petulo amaonekera ndi toluene, xylene ndi zinzake zobwera pamodzi, pomwe palafini amajambula mizere yakeyake pa zotsatira za makinawo.

Komatu kupezeka kwa mafuta sikutanthauza kuti wina waotcha dala. Pamalo ngati Glen View, vanishi, guluu ndi mankhwala osungunulira penti n'zapantchito. Siponji ndi pulasitiki zikamapsa zimatulutsa zina zofanana ndi za m'petulo. Komanso kuzimazima kwa magetsi kwachititsa mabanja ambiri kusunga palafini ndi mafuta a jenereta m'nyumba. N'chifukwa chake katswiri amatenganso zoyerekezera pamalo omwe sakuwakayikira, kuopa kumangitsa munthu wosalakwa.

Vuto lalikulu ndi nthawi. Petulo amauluka msanga, ndipo tizilombo ta m'dothi timadya wotsalayo m'masiku ochepa. Wamalonda yemwe katundu wake wapsa amafuna kusesa n'kumanganso mawa lomwe, poti ana akudikira nsima. Izi n'zomveka, koma fosholo ikadutsa, umboni wapita.

Moto ukazima, musakumbe kapena kusuntha kanthu mpaka apolisi ndi ozimitsa moto ataona malowo. Auzeni mafuta ndi mankhwala onse omwe mumasunga, osabisa. Msika ukapsa popanda wodziwa chayambitsa, udzapsanso, ndipo anthu adzangokhalira kulozana zala.