Si ufiti amangwetu, ndi nthambo: gitala ikamalira ngati mavu pa Chiromo

Kuno ku Chigwa cha Shire ukwati wopanda bandi uli ngati ndiwo zopanda mchere. Anthu a pa Chiromo, Makhanga mpaka Bangula khutu lawo silinamizika. Ndi anthu okulira pa valimba ndi utse, amene anavina Chinafuna M'bale ya Lucky Stars, namvanso zala za malemu Joseph Tembo, katswiri wa gitala yemwe anakhalapo phungu ku Chikwawa ndipo anatisiya mu 2019. Tsono gitala ikayamba kulira ngati mavu pakati pa dansi, anthu amabalalika, mwini ukwati amadula malipiro, oimba nkumati bandi ina yawalodza.

Ine ndagwira nthambo za mabandi zaka zambiri, ndipo ndikuti ayi, si ufiti. Vuto ndi kalumikizidwe ka kabokosi ka maefekiti ku mikisa.

Anyamata ambiri anasiya kunyamula ampu ya gitala, ndipo sindiwadzudzula. Mu 1997 madzi osefukira anadula njanji ndi msewu pakati pa Chiromo ndi Bangula, anthu nkuyamba kuwoloka pa bwato pa Mtayamoyo. Ndani angakonde kukweza chiampu cholemera m'bwato? Kabokosi ka Boss, Zoom kapena Digitech kamangolowa m'chikwama. Koma kakapsa, kukonzetsa kwake ndi ulendo wa ku Blantyre, ndalama ya ukwati yonse nkuthera m'njira. Choncho tamverani.

Choyamba ndi njira ya mawu. Nthambo yochoka ku gitala ilowe pa INPUT ya kabokosi. Ina ichoke pa OUTPUT polembedwa L/MONO, ikalowe pa bowo la LINE la mikisa, lija lolandira jaki ya mamilimita 6.35. Musaipatsire pa bowo la MIC ndi nthambo yolumikiza nokha. Bowo limenelo analipangira maikolofoni, yomwe mphamvu yake ndi yochepa zedi, pomwe kabokosi kamatulutsa yambiri, ndiye mawu amasweka. Komanso mamikisa ambiri ali ndi batani la 48V lotumiza magetsi ku maikolofoni ena kudzera pa bowo lomwelo. Wina akalidina, magetsiwo amabwerera m'kabokosi ndipo akhoza kukawononga.

Ena amakonda nthambo ziwiri, L ndi R, ati sitiriyo. Pa bwalo la ukwati imodzi ndi yokwana. Amene waima pafupi ndi sipika ya kumanzere samva za kumanja, ndiye mukumumana theka la gitala.

Chachiwiri ndi mavu aja. Sipika ya ampu ya gitala imameza mawu osongoka kwambiri, opyola cha m'ma 5,000 Hz. Masipika a bandi ali ndi matwita, amatulutsa zonse osasiyako. Tsono mukaponda distortion popanda choletsa, mavu onse amatuluka. Mankhwala ake ali m'kabokosi momwemo. Pa OUTPUT SELECT sankhani LINE kapena PA, kapena yatsani AMP SIM kaya CAB, chomwe chimatsanzira sipika ya ampu ija.

Pa ukwati wina ku Makhanga mnyamata wa gitala anandithamangira thukuta lili kamukamu. "Achimwene, anthu andichita chipongwe, dzulo lomweli imalira bwinobwino!" Nditamufunsa, ndinapeza kuti dzulolo amayesera pa ampu ya kutchalitchi. Ndinati, "Mphwanga, tadina apa." Atadina CAB, mavu anatha pomwepo, azimayi nkuyamba nthungululu.

Chachitatu ndi kutalika kwa nthambo. Ya jaki ikapyola mamita 5 kapena 6 imayamba kutola phokoso, nthawi zina mpaka wayilesi kumveka m'masipika. Ngati mikisa ili patali, pezani kabokosi kena kotchedwa DI. Jaki yaifupi ilowe mu DI, ndipo kuchokera apo pachoke nthambo ya XLR ya mano atatu, yomwe imayenda mamita makumimakumi osatola phokoso. Apa pokha ndiye mulowetse pa MIC, chifukwa DI yachepetsa kale mphamvu ija.

Mukamva kung'ung'udza kosalekeza kuti mmmm, amenewo ndi magetsi a 50 Hz akuzungulira kudzera m'nthambo. Lumikizani kabokosi ndi mikisa pa soketi imodzi, kapena dinani GROUND LIFT pa DI. Koma chonde abale anga, musathyole dzino lachitatu la pulagi ngati amachitira ena. Dzino limenelo ndi loteteza moyo. Chida chikawonongeka mkati, dzanja lili pa nsambo, milomo pa maikolofoni, magetsi amadutsa mwa inu. Ukwati ukhoza kusanduka maliro.

Chachinayi ndi GAIN. Yambani ili pansi. Woimba akhwatche nsambo mwamphamvu monga adzachitire dansi ikafika pachimake, inu muzikweza pang'onopang'ono mpaka kanyali kofiira ka PEAK kaphethire, kenaka bwezani pang'ono. Voliyumu ya anthu ikwezedwe pambuyo pake. Woimbayo aonetsetsenso kuti mawu onse amene anasunga m'kabokosi ndi ofanana kukwera, osati kuponda solo ana nkudzidzimuka kumsana. M'tchalitchi kapena holo ya malata chepetsani reverb ndi delay, nyumbayo imabweza kale mawu yokha. Mupatseninso sipika yakeyake kudzera pa AUX. Woimba wosadzimva amangokweza voliyumu, nkukwirira oimba pakamwa.

Chomaliza ndi magetsi. Madansi ambiri kuno amadalira jenereta. Ilizeni kaye ikhazikike musanalumikize chilichonse. Poyatsa yambani ndi kabokosi, kenaka mikisa, ampu ya masipika pomalizira. Pozimitsa ampu ndiyo iyambe. Mukasemphanitsa, kuphulika kuja kumang'amba matwita. Jenereta ikayamba kutsokomola mafuta akutha, thamangirani kuzimitsa ampu. Adaputa ya kabokosi ikhale yakeyake. Tambiri timafuna 9V, koma si adaputa iliyonse ya 9V imene imagwirizana nako, poti zina mawaya ake ndi otembenuza. Musaiwalenso dzuwa lathuli. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndiye zida zikhale pa mthunzi, pamwamba pa tebulo kapena mphasa, osati pa fumbi.

Kwa inu eni mabandi, fikani pa malo ola limodzi anthu asanasonkhane, muyese zida modekha. Gulani nthambo ziwiri zapadera ndi DI imodzi, mtengo wake sufika pa wa sipika yopsa. Ndipo anyamata inu, musachite manyazi kufunsa amene anayamba kale ntchitoyi. Paja akulu anati safunsa anadya phula.