Kumanga nyumba yoteteza anthu ku moto

Anzanga, miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala kwathu ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Namitete udzu umakhala utauma gwa, mphepo ikuomba, ndipo anyamata amatentha tchire posaka mbewa. Ndi nthawi imene nyumba ndi zigafa za fodya zimapsa kawirikawiri. Ndikufuna ndifotokoze momwe kamangidwe kabwino kamapulumutsira moyo.

Poyamba tidziwe kuti palibe nyumba imene moto sungaiwononge. Cholinga cha malamulo a zomangamanga ndi kuchedwetsa moto kuti anthu apeze mpata wotuluka. Malamulo otere anadza chifukwa cha ngozi. Moto utapsereza mzinda wa London mu 1666, boma linalamula mu 1667 kuti nyumba zatsopano zizimangidwa ndi njerwa kapena miyala.

Chinthu choyamba ndi zipangizo. Njerwa zootcha sizigwira moto, koma udzu umayaka ngati parafini. Malata sayaka, komabe mapaso amene ali pansi pake ndi mitengo. Ngakhale chitsulo chikatentha kufika madigiri 600 chimafooka kwambiri, denga n'kugwa.

Chachiwiri ndi kulekanitsa. Makolo athu ankadziwa kale zimenezi, n'chifukwa chake khitchini ankaimanga payokha, nkhokwe poteropo. Chigafa, makamaka cha fodya wa chikopa amene amaumitsidwa ndi utsi, chizikhala patali ndi nyumba yogona, ndipo tizilambula udzu mozungulira. M'nyumba zazitali ngati makalasi, khoma logawa zipinda lizifika mpaka ku malata kuti moto usadutsire kudenga.

Chachitatu, chimene chikutikhudza ife ogona m'mahositelo, ndi potulukira. Mu 2001 anyamata 67 anafa pa sukulu ya sekondale ya Kyanguli ku Kenya. Chitseko china chinali chokhoma ndipo m'mazenera munali zitsulo zotchinga akuba. Chipinda chogona anthu ambiri chiyenera kukhala ndi makomo awiri otalikirana, ndipo zitseko zake zizitsekukira kunja, chifukwa anthu akamathawa amakankhana pakhomo. Tikumbukirenso kuti utsi umapha anthu ambiri kuposa malawi. Ngati wadzaza m'chipinda, tulukani chokwawa pakuti mpweya wabwino umatsalira pansi.

Mumzinda wa Lilongwe khonsolo imayamba yaona pulani munthu asanamange, ndipo ili ndi galimoto zozimitsira moto. Kumudzi kuno galimotoyo ingafike nyumba itasanduka kale phulusa. Choncho udindo uli m'manja mwa mmisiri ndi mwini nyumba.

Ena a ife tikadzakhala ansembe tidzayang'anira ntchito yomanga matchalitchi, masukulu ndi mahositelo. Ndikupempha kuti tizolowere kufunsa mmisiri funso ili: moto utabuka usiku, ana atulukira pati? Ndipo lero lomwe, aliyense ayang'ane khomo limene lili pafupi ndi bedi lake, aone ngati likutsekuka msanga.