Liwu la "drostdy" ndi nyumba zakale za ku Swellendam

M'tauni yaing'ono ya Swellendam, ku Cape, muli nyumba ya zipupa zoyera, yofolera ndi udzu, imene kampani ya Adatchi ya VOC inamanga m'chaka cha 1747. Dzina lake ndi Drostdy. M'menemo ndimo munkakhala landdrost, mkulu amene anali woweruza milandu ndiponso maso a kampaniyo m'chigawo chonse. Pogamula milandu ankathandizidwa ndi heemraden, akuluakulu osankhidwa pakati pa alimi achizungu. Pafupi pake pali ndende yakale. Zonsezi zasungidwa bwino, ndipo lero ndi malo oonetserako zinthu zamakedzana.

Ife ofufuza ziyankhulo, chotikhudza ndi dzinalo. Angerezi atatenga dzikolo anathetsa udindo wa landdrost m'chaka cha 1828, naika majisitireti m'malo mwake, ndipo m'zaka zomwezo Chingerezi chinalanda malo a Chidatchi m'mabwalo a milandu. Udindo unafa, koma liwu linakakamira pa khoma. Ku Tulbagh kulinso Drostdy, ndipo ya ku Graaff-Reinet inasanduka hotela osataya dzina.

Tiyerekeze ndi liwu lathu lakuti "boma". Linachokera ku Chiswahili, m'mene limatanthauza mpanda kapena linga; zakuti ndi chidule cha mawu a Chingerezi ndi nthano chabe, ngakhale yafala. Poyamba linkanena za malo otchingidwa okhalamo atsamunda, kenaka likulu la chigawo, potsiriza ulamuliro weniweniwo. Motero "boma" linakula chifukwa anthu olamulidwa analitenga nkuliyesa lawo, pamene "drostdy" linauma pa nyumba imodzi monga chikopa pa zikhomo.

Pali chinanso chimene omanganso zipupa sakanatha kuchisunga. Ambiri oimbidwa milandu pakhomo pamenepa anali Akhoekhoe, eni ake akale a msipu wa m'deralo, ndi akapolo ochokera ku Madagascar, ku Mozambique ndi ku maiko a kum'maŵa. Zonena zawo zinkalembedwa m'Chidatchi, kotero woŵerenga mabuku a milandu lero amamva mlembi, osati mwini mawu. Chikhoekhoe cha ku Cape chinazimirira, ngakhale Chinama, chibale chake, chikuyankhulidwabe ku Namibia. Dzina la Ahessequa, fuko limene linkaŵeta ng'ombe kumeneko, latsala pa khonsolo ya chigawo choyandikana nacho, imene likulu lake lili ku Riversdale.