Kodi Ndi Mbewu, Kapena Ndi Munda?

Chaka ndi chaka, bungwe la MANEB, limene likulu lake lili kwathu kuno ku Zomba, likatulutsa zotsatira za mayeso a MSCE, makolo amene adziwa kuti ntchito yanga ndi kufufuza za maphunziro amandiimitsa pamsika, nandifunsa ngati nzoona kuti sukulu zimene mipingo imayendetsa ndi chithandizo cha Boma, monga Zomba Catholic, St. Mary's ndi Malosa, zimaphunzitsa bwino koposa sukulu zoyendera za CDSS. Ndikawayankha kuti zotsatirazo pa zokha sizingaweruze mlandu umenewu, amapukusa mitu, nandiyesa munthu wozemba.

Koma taonani, abale anga. Ana amene akhoza koposa mayeso a Sitandade 8 ndiwo amasankhidwira ku sukulu zomvekazo, otsalawo napita ku CDSS. Tsono ngati mlimi wina wapatsidwa mbewu yosankhika, mnzake nalandira yapansi pa dengu, ndani wanzeru amene angaweruze minda yawo pongosuzumira m'nkhokwe? Madzi a Mulunguzi amafika m'nyumba zathu ali ozizira chifukwa atsika pamwamba pa phiri, ndipo ulemu umenewo suyenera mpope.

Funso lomweli lasautsa anzathu a ku America, kumene kuli sukulu zotchedwa charter, zimene Boma limalipirira koma zimayendetsedwa ndi mabungwe, ndipo lamulo loyamba lozilola linakhazikitsidwa ku Minnesota mu 1991. Pamene ofufuza a ku Stanford anaziyesa pa masamu mu 2009, anapeza kuti pa sukulu 100 zilizonse, 17 zinaposa sukulu wamba za Boma, 37 zinaperewera, ndipo zotsalazo zinangolingana nazo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe ku Boston, kumene ofuna malo m'sukulu zimenezi anachuluka kotero kuti malowo anagawidwa mwa mayere, ofufuza anatsata ana amene mayere anawagwera pamodzi ndi amene anawaphonya, ndipo popeza magulu awiriwo anasiyana pa mwayi wokha, kupambana kumene kunaoneka mwa olowawo kunali kwa sukulu ndithu.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwathu, pakuti m'boma lino la Zomba, kuyambira mu 2008, madera ena anasankhidwa mwa mayere kuti atsikana ake azilandira ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo zinadziwika kuti ndalama zoperekedwa ndi lamulo lakuti mwana asajombe zinasunga atsikana ambiri m'kalasi koposa zoperekedwa popanda lamulo. Ana a sekondale sitiwagawa mwa mayere. Koma tingathe kutenga awiri amene anasiyana pang'ono chabe pa mayeso a Sitandade 8, wina nalowa sukulu yogonera, wina natsala ku CDSS, ndi kuwatsata kufikira Folomu 4, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Chifukwa chake, inu makolo, pamene mumva sukulu ikutamandidwa pa wailesi, funsani kuti anawo analowa ali otani, ndi angati anasiyira panjira dzina lawo lisanafike ku MANEB, ndiponso akuwayerekeza ndi yani. Mukapanda kuyankhidwa mafunso atatu amenewa, musafulumire kunyoza mphunzitsi wa ku CDSS amene analandira mbewu yotsala, naikololetsa.