Mmene Ana a ku Russia Amaphunzirira Masewera a pa Madzi Oundana

Lero tikuuzani za masewera a hockey, ndi mmene anthu a ku Russia amalerera ana awo m'masewerawo.

Dziko la Russia n'lozizira kwambiri. M'miyezi ya chisanu madzi amaundana nalimba ngati mwala. Osewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake, natsetsereka nazo pa madziwo. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 6, mmodzi mwa iwo ndiye wapagolo. M'malo mwa mpira amamenya ndi ndodo zokhota kamphira kolimba, mainchesi 3 m'mimba mwake.

Mpikisano woyamba wa dziko lonse la Soviet Union unayamba mu 1946, ndipo mu 1954 dzikolo linapambana maiko onse. Mudzafunsa kuti, zinatheka bwanji? Yankho lake nali: amayamba ndi ana.

Mwana akafika zaka 5 kapena 6, makolo amapita naye ku sukulu ya masewera. Matimu aakulu monga CSKA ndi Dynamo a ku Moscow, ndi Metallurg ya ku Magnitogorsk, ali ndi sukulu zawozawo. Poyamba mwanayo amaphunzira kutsetsereka kokha, kugwa ndi kudzuka. Miyendo ikalimba, ndipamene amamuphunzitsa kupatsirana ndi anzake. Ana obadwa chaka chimodzi amakhala gulu limodzi, nakulira pamodzi. M'chilimwe sapuma ayi. Amathamanga ndi kulumpha pamtunda.

Tsono ana amene sali m'sukuluzi sanaiwalidwe. Mu 1964 mphunzitsi wotchuka, Anatoly Tarasov, anayambitsa mpikisano wa Zolotaya Shaiba wa ana osewera pa mabwalo a pakati pa nyumba zawo.

Mnyamata waluso akasinkhuka amalowa mu ligi ya anyamata ya MHL, imene inayamba mu 2009, ndipo amasewera momwemo kufikira zaka 20. Opambana amakwera kupita ku ligi ya akulu ya KHL, imene inayamba mu 2008. Alexander Ovechkin anakulira ku Dynamo. Mu 2025 anagoletsa chigoli chake cha 895 mu ligi ya NHL ya ku America ndi Canada, naposa onse amene anasewerako kale.

Koma musaganize kuti onse amafika kumeneko. Inu alimi mudziwa kuti si mbande zonse za pa nazale zimene zimakaokedwa kumunda. Chaka ndi chaka aphunzitsi amapatula ana, ndipo ambiri amatsala. Nsapato, ndodo ndi zovala zotchinjiriza thupi zimadya ndalama zambiri, ndipo mwana akamakula amafuna zina. Ena amasiyana ndi makolo ali aang'ono kukakhala ku mzinda wakutali. Amene ananyozera maphunziro a m'kalasi, akavulala kapena akapatulidwa, amasowa pogwira.

Chifukwa chake kholo lanzeru limasunga mwana pa zonse ziwiri, masewera ndi mabuku omwe. Tsalani bwino.